Kuwerenga Akabawi Si Ntchito ya Alesi

Chaka chilichonse, kuyambira pakati pa mwezi wa Ogasiti kufikira pakati pa Disembala, pali anthu amene amalawirira m'mamawa kukwera phiri lina m'chigawo cha Pennsylvania, m'dziko la United States, nakakhala pamiyala yozizira tsiku lonse, maso ali kumwamba. Anthuwa sapita kukasaka nyama kapena kukatola nkhuni. Ntchito yawo ndi kuwerenga akabawi, nkhwazi, ziwombankhanga ndi miimba, mbalame zolusa zimene pa nyengo imeneyi zimakhala zikuthawa chisanu cha kumpoto kulowera kumwera. Mbalame ikadutsa amailemba m'buku, ikadutsa inzake amailembanso, ndipo dzuwa likapendeka amaphatikiza nambala zawo n'kutsika, mawa lake n'kukweranso. Phirilo limatchedwa Hawk Mountain, kutanthauza phiri la akabawi, ndipo kuwerengako kudayamba m'chaka cha 1934.

Munthu akamva zimenezi koyamba sachedwa kuseka. Ena amati iyi ndi ntchito ya anthu okhuta, amene akusowa chochita ndi nthawi yawo. Ena amafunsa kuti kodi mbalame yowerengedwa imasiyana bwanji ndi yosawerengedwa, popeza zonse zimauluka chimodzimodzi. Enanso, makamaka oweta nkhuku, amapsa nazo mtima, nati kabawi ndi mbala, ndipo mbala imafunika mwala osati pensulo. Maganizo onsewa amamveka okoma pabwalo, koma ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mbiri ya phiri lomweli ndi yokwanira kuwatsutsa, pakuti mabuku a anthu osekedwawo adathandiza kuulula poizoni amene ankadya dziko mwakachetechete, pamene anzeru a m'maofesi ankati zonse zili bwino.

Choyamba n'kudziwa chimene chimasonkhanitsa mbalamezi pamalo amodzi. Kabawi wamkulu kapena chiwombankhanga ndi mbalame yolemera, ndipo itati iziuluka mokupiza mapiko ulendo wonse wa makilomita zikwizikwi, ingathe kulefuka isanafike. Choncho imabwereka mphamvu ya dzuwa. Dzuwa likatenthetsa nthaka, mpweya wotentha umakwera m'mwamba ngati kamvuluvulu wosaoneka. Mbalame imalowa mumpweya umenewo, n'kutambasula mapiko, n'kumazungulira uku ikukwezedwa popanda kukupiza. Ikafika pamwamba imatsetsereka molunjika kumene ikupita mpaka itapeza mpweya wina wotere. Pamene pali mtandadza wa mapiri, mphepo ikawomba phiri imakhotera m'mwamba, ndipo mbalame zimayandama pamphepoyo motsata mtandadzawo monga bwato lotsata mtsinje. Pamwamba pa nyanja mpweya wokwerawu umakhala wofooka, n'chifukwa chake mbalame zamtunduwu zimaopa madzi aakulu ndipo zimalolera kuzungulira kufunafuna pooloka popapatiza. Motero mbalame zochokera m'nkhalango ndi m'zidikha zotalikirana zimakumana m'misewu yowerengeka ya mlengalenga, ndipo munthu wokhala pamalo oyenera angathe kuona m'tsiku limodzi akabawi amene kwina sakadawaona moyo wake wonse. Hawk Mountain ili pamtandadza wotchedwa Kittatinny, umodzi mwa misewu imeneyi. Pa 14 Seputembala 1978, owerenga a paphiripo adalemba akabawi a mtundu umodzi oposa 21,000 dzuwa lisanalowe.

Tsoka lake n'lakuti anthu a mfuti adaudziwa msewuwu owerenga asanaudziwe. Masiku amenewo anthu ankagawa mbalame pawiri, zabwino ndi zoipa, ndipo iliyonse ya mlomo wokhota ndi zikhadabo zakuthwa inali m'gulu la zoipa. Mu 1929 bungwe la boma loona za nyama zosakidwa ku Pennsylvania lidalonjeza madola 5 kwa aliyense wopha kabawi wa mtundu wotchedwa goshawk, pa mlandu wakuti ankatha mbalame zimene alenje ankazifuna. M'zaka za umphawi zimene zidatsatira, madola 5 zinali ndalama zambiri. Amuna ankakwera phirilo m'magulumagulu, n'kubisala m'miyala kudikira mbalame zimene zinkadutsa pafupi ndi nsonga za mitengo. Wowomba analibe nthawi ngakhale luso losiyanitsa goshawk ndi akabawi ena. Ankangowomba chilichonse chotambasula mapiko. Zambiri mwa zophedwazo sizinali goshawk konse, ndipo pakati pake panali zodya mbewa, achule ndi ziwala, zimene sizidalakwire munthu aliyense. Zinkangosiyidwa m'thengo kuti ziwole, zina zikali moyo, mapiko ali othyoka. Mu 1932 mnyamata wina wokonda mbalame, Richard Pough, adafika pamalopo, natola akabawi akufa m'munsi mwa phiri, nawandandalika mizeremizere, nawajambula.

Zithunzizo zidafika m'maso mwa mayi wina wa ku New York, Rosalie Edge, amene adazolowera kale nkhondo ya pakamwa pomenyera ufulu wa amayi woponya voti. Mayiyu sadali wofatsa, ndipo ngakhale mabungwe oteteza mbalame a nthawiyo ankamuona ngati munga, chifukwa ankawadzudzula poyera kuti akulekerera kuphedwa kwa mbalame zolusa. Iye sadadikire kuti akuluakulu amalize misonkhano yawo. Mu 1934 adachita lendi maekala 1,400 a phirilo, amene pambuyo pake adagulidwa ndithu, ndipo adalemba ntchito Maurice Broun kuti akhale mlonda. Mkazi wa Broun, Irma, ndiye ankaima panjira kubweza amuna onyamula mfuti, ntchito yosakhumbirika ngakhale kwa mwamuna wa mphamvu zake. Malowa adasanduka oyamba padziko lonse opatulidwira kuteteza mbalame zolusa.

Broun akadatha kungolondera basi, ndipo palibe akadamdzudzula. Koma adachita chinthu china chimene panthawiyo chinkaoneka chopanda phindu. Adayamba kulemba mbalame iliyonse yodutsa, mtundu wake, tsiku lake, nyengo ya tsikulo, ndiponso, pamene kunali kotheka, ngati inali yaikulu kapena yaing'ono. Nkhwazi ya ku America, yofanana kwambiri ndi nkhwazi ya ku Nyanja ya Malawi, imathandiza pa zimenezi, chifukwa mutu wake suyera kufikira itakwanitsa zaka zinayi kapena zisanu. Yaing'ono imakhala yodera ndipo imadziwika ikali patali. Chaka ndi chaka Broun ankalemba nkhwazi zoyera mutu padera, zodera padera. Kupatula zaka za 1943, 1944 ndi 1945, pamene iye adapita kunkhondo, kuwerengako sikudalekeke. Palibe munthu amene mu 1935 akadatha kunena ntchito imene nambalazo zidzagwire.

Nkhondo itatha kudafala mankhwala ophera tizilombo otchedwa DDT. Anali otsika mtengo, amphamvu, ndipo ankaoneka ngati dalitso, kotero kuti Paul Müller, amene adatulukira mphamvu yake mu 1939, adalandira mphoto ya Nobel mu 1948. Ku America ankawaza mankhwalawa m'minda, m'nkhalango ndi m'madambo, nthawi zina ndi ndege. Chimene anthu sadachizindikire n'chakuti DDT sawola msanga. Mvula imamukokolera m'mitsinje, tizilombo ta m'madzi timamudya, tinsomba timadya tizilomboto, nsomba zikuluzikulu zimadya tinsombato, ndipo paliponse pamene chimodzi chadya chinzake poizoniyo amanka naunjikana m'mafuta a thupi. Nkhwazi, pokhala kumapeto kwa mzerewu, imalandira katundu yense. Siifa msanga ayi. Imauluka bwinobwino, imamanga chisa, imaikira mazira, koma mazirawo amakhala a zigoba zopyapyala ndipo amasweka make akawafungatira, kapena saswa konse. Munthu wongoyang'ana kumwamba ankaonabe nkhwazi zoyera mutu n'kumati zilipo. Anali ngati mlendo wofika m'mudzi wodzaza ndi akuluakulu, osazindikira kuti m'mudzimo mwatha zaka khumi osamveka kulira kwa khanda.

Mabuku a Broun ndiwo adaona chimene maso sadaone. Rachel Carson, mayi wasayansi amene adafikapo pa Hawk Mountain mu 1945, adagwiritsa ntchito nambalazo m'buku lake lotchedwa Silent Spring, lofalitsidwa mu 1962. Nambalazo zidaonetsa kuti pakati pa 1935 ndi 1939, nkhwazi 40 mwa 100 zilizonse zodutsa paphiripo zinali zazing'ono. Pakati pa 1955 ndi 1959 zidatsika kufika pa 20 mwa 100. Ndipo mu 1957 panali yaing'ono imodzi yokha pa zikuluzikulu 32. Makampani opanga mankhwala adamunyoza Carson kwambiri, namunena kuti ndi mayi wongotengeka maganizo, koma nambala sizichita manyazi ndipo sizilandira chiphuphu. Mu 1967 Derek Ratcliffe wa ku Britain adayeza mazira a akabawi amene anthu adatola ndi kusunga kwa zaka zambiri, napeza kuti zigoba zake zidayamba kupyapyala cha m'ma 1946 ndi 1947, nthawi yomwe DDT adafala. Apa chidatsitsa dzaye chidaonekera poyera. Mu 1972 boma la United States lidaletsa kuwaza DDT m'minda, ndipo chaka chomwecho lamulo loteteza mbalame zosamukasamuka lidakulitsidwa kuti liziteteza akabawi ndi akadzidzi omwe. Nkhwazi, zimene mu 1963 zidatsala mabanja odziwika 417 okha m'zigawo 48 za dzikolo, zidachulukanso kotero kuti mu 2007 zidachotsedwa pamndandanda wa zolengedwa zimene zili pangozi yotheratu.

Wina angati zimenezi zidangochitika mwamwayi. Mwayi udalipo ndithu, koma mwayi wotere umagwera okhawo amene adalemba kale. Poizoni atafika, nthawi yoyamba kuwerenga inali itapita, chifukwa kuti munthu anene kuti chinthu chachepa ayenera kudziwa kuchuluka kwake chisanachepe. Nkhanga zidapangana kusanapse. Nkhalamba za m'mudzi uliwonse zimanena kuti kale mbalame zinali zambiri ndipo chambo chinali chachikulu, ndipo kawirikawiri zimanena zoona. Koma mawu a nkhalamba saima pamaso pa nduna kapena mwini kampani, amene amayankha mosavuta kuti okalamba amangokometsa zakale. Buku lokhala ndi tsiku, malo ndi nambala ndi mboni yovuta kuikana. Palibe munthu wanzeru zake amene amaseka kalembera wa anthu, amene boma la Malawi lidachititsa mu 1966, 1977, 1987, 1998, 2008 ndi 2018, ngakhale kuti munthu sanenepa chifukwa chowerengedwa. Palibenso amene amaseka mwana wasukulu woyeza mvula m'mawa uliwonse. Nanga wowerenga akabawi walakwa chiyani? Mbalame yolusa imadya zimene zadya zinzake, motero choipa chilichonse chimene chalowa m'madzi, m'nthaka ndi m'tizilombo chimakathera m'thupi mwake. Ikayamba kuchepa imakhala ikuchenjeza munthu, amene amamwa madzi omwewo ndi kudya nsomba zomwezo.

Komabe mlandu suyenera kukometsedwa mbali imodzi. DDT adapulumutsa anthu miyandamiyanda ku malungo, ndipo pangano la ku Stockholm la mu 2001, loletsa mankhwala osawola msanga, lidalola kuti maiko ovutika ndi udzudzu azimugwiritsabe ntchito popopera m'nyumba. Owerenga nkhwazi sadanene kuti mwana afe ndi malungo kuti mbalame ikhale ndi moyo. Chimene nambala zawo zidatsutsa ndi kuwaza mosasamala, thengo lonse ndi madambo onse, popanda wofunsa kumene mankhwalawo akukathera. Vutoli silidali la ku America kokha. Ku Zimbabwe, kumene ankapopera DDT m'thengo polimbana ndi kashembe, mazira a nkhwazi za ku nyanja ya Kariba adapezekanso opyapyala zigoba m'zaka za m'ma 1980.

Pali otsutsa ena ochenjera kuposa ongoseka aja. Iwo amati kuwerenga mbalame zouluka n'kudzinamiza, pakuti tsiku la mitambo zina sizioneka, tsiku lowala zina zimakwera kosafika maso, ndipo mphepo ikasintha zimadzera kwina. Zonsezi n'zoona, ndipo owerenga enieni amazidziwa kuposa otsutsawo. N'chifukwa chake sanena kuti aona mbalame zonse. Chimene amasunga ndi njira imodzi yosasintha: malo omwewo, masiku omwewo a pachaka, maola olembedwa, ndi nyengo ya ola lililonse yolembedwanso. Gulu likakhala lalikulu sawerenga pamene likuzungulira, poti pamenepo mbalame imodzi ingawerengedwe kawiri. Amadikira kuti lifike pamwamba n'kuyamba kutsetsereka mondondozana, ndipo pamenepo amawerenga makumimakumi kapena mazanamazana. Nambala ya chaka chimodzi ingathe kunama. Koma nambala za zaka 30, zotengedwa mwanjira imodzi, zikamapendekera mbali imodzi, mphepo siingakhalenso chifukwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'ntchito imeneyi masiku ambiri ndi a nkhono: munthu amakhala maola asanu pamphepo n'kulemba mbalame zitatu, mwina osaona ngakhale imodzi. Komatu tsiku lopanda kanthu nalo limalembedwa, chifukwa ziro woona ndi wofunika ngati 1,000. Wolemba ziro mokhulupirika, palibe womuyang'anira, pamene akadatha kupeka nambala yokometsa tsiku lake, ndi munthu wa khalidwe limene maofesi ambiri akulisowa.

Zimene zidayamba ku Pennsylvania zidafalikira kumaiko ena. Ku Veracruz, m'dziko la Mexico, kumene mapiri amapanikizira msewu wa mbalame kufupi ndi nyanja, kuwerenga kudayamba mu 1991, ndipo kudaonetsa kuti pamadutsa mbalame zolusa zoposa 4,000,000 pa nyengo imodzi. Koma malo amene akukhudza Africa mwachindunji ndi Batumi, mzinda wa m'dziko la Georgia, umene uli pakati pa nyanja ya Black Sea ndi mapiri ataliatali. Kumeneko, kuyambira mu 2008, anthu odzipereka ochokera m'maiko osiyanasiyana amawerenga kuyambira pakati pa Ogasiti mpaka Okutobala, ali pazitunda ziwiri, akulankhulana pa wailesi za m'manja kuti gulu limodzi lisalembedwe kawiri, ndipo nyengo zambiri amapeza mbalame zoposa 1,000,000. Zambiri mwa izo ndi za mitundu iwiri. Wina ndi kabawi wodya ana a mavu, amene amafukula zisa zake ngakhale pansi pa nthaka. Winayo ndi kabawi wodera wochokera ku Russia ndi maiko oyandikana nalo, amene pa Chingerezi amatchedwa steppe buzzard, ndipo ndi yemweyo amene nthawi ya dzinja amaoneka atakhala duu pamapolo a magetsi ndi pamitengo youma kummawa ndi kumwera kwa Africa, Malawi ndi Zambia momwemo, akudikira mbewa kapena chiwala. Mnyamata wa ku Mzimba kapena ku Dedza amene amamuloza ndi legeni sadziwa kuti akuloza mlendo amene wayenda makilomita zikwi zambiri, wapulumuka mfuti za pazitunda za Batumi, kumene alenje ena amawombera mbalamezi ngakhale lamulo limaletsa, wadutsa zipululu, ndipo mwina adalembedwa m'buku la munthu wina miyezi iwiri yapitayo.

Mlendo wodabwitsa koposa ndi kakabawi kotchedwa Amur falcon, dzina lochokera ku mtsinje wa Amur wa kumalire a Russia ndi China. Kambalameka n'kopepuka kuposa nkhunda, kolemera magalamu pafupifupi 150, koma kamaswana kummawa kwa Siberia, ku Mongolia ndi kumpoto kwa China, n'kudzathera dzinja kumwera kwa Africa, ulendo wa makilomita pafupifupi 22,000 kupita ndi kubwerera. Iko sikaopa madzi monga akuluakulu anzake. Kamakupiza mapiko n'kuoloka nyanja ya mchere kuchokera ku India kufika ku Somalia, makilomita pafupifupi 3,000, osatera paliponse. Kasanaoloke kamaima ku Nagaland, kumpoto chakummawa kwa India, m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, kudya inswa kuti kanenepe. Mu 2012 anthu oteteza zachilengedwe adafika padamu la Doyang, pafupi ndi mudzi wa Pangti, napeza kuti anthu a kumeneko ankatchera maukonde ophera nsomba m'mitengo yogonamo mbalamezi. Atawerengetsera zogwidwa patsiku ndi masiku a nyengoyo, adapeza kuti pankaphedwa pakati pa 120,000 ndi 140,000 chaka chilichonse, zambiri zogulitsidwa ngati ndiwo. Asanawerenge, nkhaniyi inali chabe yakuti anthu ena amadya mbalame, ndipo mbalame zimadyedwa kulikonse. Nambala ndiyo idasandutsa nkhaniyo mlandu. Boma, akuluakulu a midzi, mipingo ndi sukulu adagwirizana, ndipo m'nyengo ya 2013 kuphako kudaleka. Chaka chomwecho atatu mwa akabawiwa adamangiriridwa timakina todziwitsa kumene ali, napatsidwa maina akuti Naga, Pangti ndi Wokha, ndipo ulendo wawo udatsatiridwa kuoloka nyanja kufika ku Africa. Alimi a ku Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa, amene kambalameka kamadutsa kapena kukhala pamwamba pa minda yawo kakudya inswa, ziwala ndi dzombe, adapindula ndi chigamulo cha mudzi umene ambiri a iwo sadaumvepo dzina.

Watsala ndi mlandu wa mwini nkhuku, umene suyenera kupeputsidwa. Kwa mayi wa kumudzi nkhuku ndi nkhokwe yoyenda: ndi mchere, sopo, kope la mwana ndi ndalama ya kuchigayo. Kabawi akatsika ngati mphezi n'kunyamula mwanapiye, mayiyo wataya chuma chenicheni, ndipo womuuza kuti asangalale ndi kukongola kwa mapiko akumunyoza. Koma mlandu uliwonse uli ndi mwini wake. Mitundu ya mbalame zolusa ndi yambiri, ndipo yozolowera kulanda anapiye pabwalo ndi yowerengeka. Kakabawi ka ku Amur kamadalira tizilombo, wodya ana a mavu alibe nazo ntchito nkhuku, ndipo muimba umadikira chakufa kale. Kupha zonse chifukwa cha mbala imodzi kuli ngati kutentha nkhokwe pofuna khoswe, ndipo ndi kulakwa komwe kuja kwa amuna a ku Pennsylvania. Ndiponso amene amatha nkhuku za m'midzi kwenikweni sachokera kumwamba. Chitopa chimasesa khola lonse m'masiku ochepa, pamene kabawi amatenga mwanapiye mmodzi n'kupita. Chitopa chili ndi katemera wake wodonthezera m'diso, ndipo anapiye angatetezeke powavundikira ndi dengu kapena kuwamangira kakhola milungu yoyambirira. Mlimi amene wapha akabawi onse a m'dera lake wachotsa ntchito alonda amene ankalondera munda wake usana wonse osalipidwa, ndipo mbewa zidzamuthokoza pomudyera chimanga. Nanga munthu angasiyanitse bwanji mbala ndi mlonda ngati sadakhalepo pansi kuziyang'anitsitsa? Kuwerenga kumayamba ndi kusiyanitsa mitundu, ndipo wodziwa kusiyanitsa sagenda mwachisawawa.

Chodetsa nkhawa n'chakuti mbalame zowerengedwa mosamala ku Ulaya ndi ku Asia zikafika ku Africa zimapeza owerenga ochepa, ndipo za mu Africa momwemo zikutha anthu osazindikira. Kumene kuli nambala, nambalazo n'zoopsa. Jean-Marc Thiollay wa ku France adayenda m'misewu ya kumadzulo kwa Africa cha m'ma 1970 akuwerenga mbalame zolusa, nabwereza misewu yomweyo patapita zaka pafupifupi 30, napeza kuti ziwombankhanga zikuluzikulu ndi miimba zatsala pang'ono kutheratu kunja kwa nkhalango zotetezedwa. Mu 2024 kafukufuku wotsogoleredwa ndi Phil Shaw ndi Darcy Ogada adasonkhanitsa kuwerenga kwamtunduwu kochokera ku Mali, Burkina Faso, Niger, Cameroon, Kenya ndi Botswana, napeza kuti mwa mitundu 42 imene idayang'anidwa, mitundu 37 idachepa. Dzina la Malawi palibe pamaikowa, ndipo kusowa kwake sikutanthauza kuti mbalame zake zili pamtendere, pakuti mitengo ikuluikulu imene ziwombankhanga zimamangamo zisa ndi yomweyo ikuthera m'matumba a makala.

Apa ndi pamene sukulu ziyenera kuchita manyazi. Wophunzira wa Fomu 4 angathe kutchula pamtima ziwalo zonse za duwa, n'kujambula bwinobwino mmene zolengedwa zimadyerana, koma osatha kutchula mitundu isanu ya mbalame zimene zimauluka pamwamba pa bwalo la mpira la sukulu yake. Amaphunzira sayansi ngati nthano ya kutali, yochitidwa ndi anthu ovala makhoti oyera m'nyumba zodzaza ndi mabotolo, chikhalirecho umboni umene udathandiza kugwetsa DDT udasonkhanitsidwa pamwala ndi pensulo. Chodzikanira chakuti zipangizo palibe sichigwira pano. Magalasi oonera patali amathandiza ndithu, koma sukulu ingayambe ndi maso, kope, wotchi ndi buku limodzi la zithunzi za mbalame. Dziko la Malawi lili ndi mitundu ya mbalame pafupifupi 650, monga adalembera Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett mu 2006. Mapiri ndi zitunda zili pafupi ndi sukulu zambiri. Ndipo bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi lakhala likuyendetsa makalabu a zachilengedwe m'sukulu kwa zaka zambiri. Makalabuwa asamathere pa kubzala mitengo tsiku limodzi pachaka ndi kuimba nyimbo pamaso pa mlendo wolemekezeka.

Kalabu isankhe chitunda chimodzi, kapena ngodya imodzi ya bwalo yoona patali, ndipo isasinthenso. Kuyambira Okutobala, pamene alendo oyamba amafika, kufikira Epulo, pamene otsiriza amabwerera kwawo, ophunzira awiri kapena atatu azikhala pamenepo Loweruka lililonse, ola lomwelo, makamaka cha m'ma 9 kapena 10 koloko m'mawa, nthaka itatentha ndipo mbalame zitayamba kukwera. M'kope mulembedwe tsiku, ola, mitambo, kochokera mphepo, mtundu wa mbalame ndi kuchuluka kwake, ndipo mbalame yosadziwika ilembedwe kuti yosadziwika, isapatsidwe dzina lopeka. Masiku a mvula zoyamba, inswa zikamatuluka, ndi osayenera kuwaphonya, chifukwa ndi pamene akabawi amitundumitundu amasonkhana pamwamba pa chulu chimodzi. Chovuta kwenikweni chidzakhala kusunga kopelo, pakuti mabuku a Broun adadikira zaka zoposa 25 Carson asanawagwiritse ntchito. Mphunzitsi akasamutsidwa asapite nalo. A Fomu 4 akamaliza mayeso alisiye m'manja mwa a Fomu 2 amene akhala akukwera nawo chitunda. Likadzaza lisakathere kumsika kokulungira zitumbuwa, koma nambala zake zikoperedwe n'kutumizidwa ku bungwe lija, ndipo kope lenilenilo litsekeredwe mu ofesi pamodzi ndi kaundula wa ophunzira, kumene mphunzitsi wamkulu wotsatira adzalipeze.